Pamene Anthu Anati Dziko Latha: Mbiri ya ku Petauke ndi ku Nyimba

 Madzulo ano ndifuna kukamba za mau amene nonse munawamvapo. Mgodi ukatsekedwa, mvula ikakana, kapena maliro akacuruka m'komboni, sipalephera kuoneka munthu wonena kuti, "Abale, awa ndiwo masiku otsiriza, zonsezi zinalembedwa kale." Tinawamva mau amenewa pa mliri wa korona mu 2020, ndipo tinawamvanso pa cilala ca 2024, pamene cimanga cinauma ciriri m'minda, magetsi nasowa m'matauni.

Mau amenewa si atsopano ai. Anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba, a kwa Kalindawalo ndi a kwa Ndake, anawanena kangapo m'zaka zapitazo, ndipo nthawi zonse anali ndi cifukwa comveka cowanenera. Tiyeni tsono titsate mbiri yao pang'ono pang'ono, kuti tione cimene cinacitika pamene anthu anati dziko latha, ndi cimene cinawasunga kufikira lero.

DZUWA LINADA USANA

M'mwezi wa Novembala caka ca 1835, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa athira madzi ace m'Zambezi. Tsiku lomwelo kunagwa kadamsana, dzuwa linada usana. Ansenga ndiwo anayamba kulawa nthungo ya alendowo tsidya lino, pakuti Angoni anakhala m'dziko lao zaka zingapo, nagwira anyamata ndi atsikana, asanapitirire kumpoto. Patapita zaka ngati makumi atatu, Mpezeni mwana wa Zwangendaba anabweranso ndi nkhondo yace. Kucokera kumwera nako kunali kudza Acikunda ndi mfuti zao, anthu a Matakenya ndi a Kanyemba, ofuna minyanga ndi akapolo. Anthu ena anamanga malinga, ena nathawira kumapiri. M'zaka za m'ma 1890 mliri unapha ng'ombe m'makola ndi njati m'chire. Mu Januwale 1898 asilikari a Angelezi anathyola nkhondo ya Angoni, ndipo posacedwa panadza msonkho wa nyumba wa masheleni atatu, umene unaturutsa amuna m'midzi kunka ku Walale kukafuna ndalama.

Munthu amene anabadwa caka ca 1830 namwalira caka ca 1900 anaona dziko lace lirikugubuduzika katatu. Iye sanadziwe buku la Danieli kapena la Cibvumbulutso, koma za kutha kwa zinthu anazidziwa bwino. Komabe taonani cinthu codabwitsa. Angoni amene anagonjetsa anzao anataya cinenero cao. Ana ao anayamwa Cinsenga kwa amai ao ogwidwa kunkhondo, ndipo kufikira lero Angoni a Mpezeni alankhula Cinsenga. Ogonjetsedwa aja ndiwo anatsala ndi mau.

BUKU LIFIKA M'MIDZI

Amishoni a Dutch Reformed anamanga Magwero mu 1899, Nyanje mu 1905, ndi Hofmeyr, pafupi ndi Nyimba, mu 1914. A Anglican anatuma Leonard Kamungu, wansembe Mcewa wa ku Nyasaland, amene anatsegula Msoro namwalira komweko mu 1913 atagwira nchito zaka zocepa cabe. Ansembe a Katolika anakhazikika ku Minga m'zaka za m'ma 1920. Mu 1922 Buku Lopatulika lonse linatha kumasuliridwa m'Cinyanja, ndipo mnyamata ali yense wodziwa kuwerenga anatha kulitsegula yekha kufikira tsamba lotsiriza.

Pano tiyambe taima, tifunse kuti buku lotsirizalo nlotani. Cibvumbulutso cinalembedwa ndi Yohane ali m'ndende pa cisumbu ca Patmos, ndipo ophunzira ambiri ayesa kuti cinali pafupi ndi caka ca 95, masiku a mfumu Domitian ya Aroma. Iye analembera mipingo isanu ndi iwiri ya m'dziko limene lero lichedwa Turkey. Inali mipingo yaing'ono, ya anthu opanda mphamvu, amene anali kukakamizidwa kulambira mfumu ngati mulungu. Yohane sanathe kuchula Roma poyera, cotero analankhula m'mafanizo a cirombo, a cinjoka ndi a mudzi wa Babulo. Buku la Danieli nalo, ndi nkhani zace za ng'anjo ya moto ndi dzenje la mikango, linalimbitsa Ayuda pamene mfumu Antiochus inadetsa Kacisi wao zaka 167 Kristu asanabadwe. Mabuku onse awiri anena cinthu cimodzi kwa anthu osautsidwa: mafumu oipa ali ndi malire, Mulungu sanaiwale anthu ace, ndipo wopirira sadzatayika.

Tsono taganizani Mnsenga wowerenga zimenezi kwa nthawi yoyamba. Pa mutu 6 apeza akavalo anai, ndipo pambuyo pao nkhondo, njala ndi imfa. Pa mutu 9 apeza dzombe. Pa mutu 13 apeza kuti munthu wopanda cizindikiro ca cirombo saloledwa kugula kapena kugulitsa, iye ali ndi citupa m'thumba, cimene popanda ico sangalembedwe nchito. Kodi mukanakhala inu, simukanayesa kuti bukulo linena za mudzi wanu? Ngakhale imfa inali pakhomo, pakuti m'zaka zomwezo nthenda ya kaodzera inabuka m'cigwa ca Luangwa. Mtundu wa kacirombo kace unapatsidwa dzina mu 1910, ndipo madokotala Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito ku Nawalia, anatsimikiza kuti wofalitsa nthendayo ndiye kashembe wa m'thengo.

CAKA CA 1914

Ku America kunali mlaliki dzina lace Charles Taze Russell, amene anawerenga zaka za m'buku la Danieli napeza kuti maufumu a dziko lino adzatha mu 1914. Iye sanali woyamba kucita masamu otere. William Miller anali atalonjeza kale caka ca 1844, ndipo anthu ace anagwiritsidwa mwala. Mabuku a Russell, a gulu la Watch Tower, anafika ku Afrika kuno. Mu 1908 Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Livingstonia, anabwerera kwao ku Nkhata Bay atakomana ndi Joseph Booth ku Cape Town, nalalikira kuti mu 1914 Ufumu udzafika ndipo msonkho udzatha. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linamgwira mu 1909, ndipo sanaloledwe kukhalanso kwao kufikira 1937.

Kugwira mlaliki sikunagwire mau ace. Anayenda ndi amuna a pa ulendo wa nchito, nafika m'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia, monga ku Wankie, kumene anthu a mitundu yonse anali kugona nyumba imodzi. Amuna obwerera kumudzi anatenga mabulangete ndi nsaru za akazi ao, natenganso ciphunzitso cimene anthu anacicha Citawala.

Caka ca 1914 cinafika, ndipo m'malo mwa Ufumu kunadza nkhondo ya Ajeremani. Amuna zikwizikwi a m'dziko lino anagwidwa utengatenga, kusenza katundu wa asilikari kunka kumalire a kumpoto, ndipo ambiri anafera panjira ndi njala ndi kamwazi. Minda inatsala ndi akazi ndi nkhalamba. Nkhondo itangotha mu Novembala 1918, nthenda ya fuluwenza inali italowa kale m'dziko, yotsata njanji ndi njira za apaulendo, nipha anthu m'midzi ndi m'makomboni momwe. Nkhondo, njala, mliri: akavalo aja anaoneka ngati apita pakhomo peni peni. Koma dziko silinathe, msonkho sunathe, ndipo mvula itagwa otsalawo anatenga makasu nabzala.

MWANA LESA

Mabuku a Watch Tower anachulanso caka cina, ndico 1925. M'caka comweco munacitika cinthu cimene tiyenera kucikumbukira ndi mantha. Tsidya lija la Luangwa ndi Lukusashi, kumadzulo kwa dziko la Nyimba, kuli dziko la Alala. Kumeneko kunafika Tomo Nyirenda, munthu wa ku Nyasaland amene anagwirapo nchito ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe lero. Iye anabatiza anthu nati akonzekere dziko latsopano. Koma posacedwa ubatizo wace unasanduka muyeso wa mfiti. Anadzicha Mwana Lesa, ndiko kunena Mwana wa Mulungu, ndipo mothandizana ndi mfumu Shaiwila anayamba kumiza m'madzi anthu amene anawanena kuti ndi mfiti. Ataolokera ku Katanga anapha enanso ambiri, kotero kuti onse pamodzi anaposa 100. Mu 1926 iye ndi Shaiwila anapacikidwa ku Broken Hill.

Akuru a Watch Tower anamkana munthuyu, ndipo ncoona kuti mabuku ao sanalamule kupha munthu. Koma nkhaniyi itiphunzitsa kuopsa kwa mlaliki amene ati tsiku layandikira ndipo iye ndiye wopatula abwino ndi oipa. Pamene munthu atenga ciweruzo ca Mulungu m'manja mwace, oyamba kufa amakhala nkhalamba ndi anthu opanda owanenera.

MALO, DZOMBE NDI MIGODI

Zaka zotsatira zinabweretsa mabvuto atatu pamodzi. Loyamba linali la malo. Kampani ya North Charterland inali ndi dziko lalikuru kum'mawa kuno, ndipo kuyambira 1928 Boma linadula malo ochedwa marizevu, nilisamutsira anthu m'menemo kuti dziko lotsalalo lidikire Azungu olima. Azunguwo sanadze ambiri. Minda yosiyidwa inamera thengo, kashembe nalowamo, pamene m'marizevu anthu anapanikizana, nthaka niguga.

Bvuto laciwiri linali dzombe lofiira, limene linaturuka m'madambo a Mweru wa Ntipa ndi Rukwa pafupi ndi 1930, nilisautsa maiko ambiri a Afrika zaka zoposa khumi. Lacitatu likhudza inu a kumigodi. Mtengo wa mkuwa unagwa pa dziko lonse. Mu 1930 migodi ya dziko lino inali ndi anchito Aciafrika ngati 30,000, koma pakutha pa 1932 anatsala ngati 7,000 okha. Amuna anabwerera kumudzi cimanjamanja, napeza nkhokwe zopanda kanthu ndi msonkho ulikuwadikira.

M'masiku otero ogulitsa cipulumutso sasowa. Mu 1933 ndi 1934 anyamata a Mcape anayendayenda m'midzi ya kum'mawa ndi ya kumpoto, kucokera ku Nyasaland, ali ndi magalasi oonera mfiti ndi mankhwala ofiira akumwa, nalonjeza kuti ufiti ndi imfa zidzatha. Anthu anapereka nyanga zao ndi timakobiri tao totsiriza. Anyamatawo atapita, maliro anapitirira monga kale.

Mu Meyi 1935 msonkho wa m'matauni utakwezedwa, anchito a ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope anakana nchito, ndipo ku Luanshya anthu asanu ndi mmodzi anaphedwa ndi mfuti. Bungwe lofufuza linaloza cala a Watch Tower kuti ndiwo anaipitsa mitima ya anthu, ndipo Boma linaletsa mabuku ao ena, ngakhale cimene cinawawa anchitowo cinali msonkho ndi malipiro ocepa. Mu 1936 gululo, limene tsopano linali kuchedwa Mboni za Yehova, linaloledwa kuika Mzungu wao, Llewelyn Phillips, ku Lusaka, ndipo iye anayamba kupatula mipingo yao ndi alaliki odziyendera okha.

Nanga mabvuto atatu aja anatha bwanji? Migodi inatsegukanso, ndipo nkhondo yaciwiri isanayambe anchito anali atacurukanso. Mu 1941 Boma linagula dziko la North Charterland, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri anaturuka m'marizevu kukamanga midzi pa malo atsopano. Dzombe linazirala, ndipo mu 1949 maiko anagwirizana kukhazika bungwe lolondera madambo aja ku Abercorn, ndiko ku Mbala lero. Palibe cimodzi mwa izi cimene cinadza pa tsiku lolonjezedwa ndi mlaliki. Zonse zinadza mocedwa, monga akuru anena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

ALENDO A KUM'MAWA

Tsopano tifike pa zaka zimene akuru ambiri a pakati panu azikumbukira. Dziko la kum'mawa linalandira othawa kawiri, ndipo pa maulendo onse awiri tiona mbali yina ya nkhani yathu.

Ku Malawi, Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967 cifukwa zinakana kugula makadi a cipani. Mu 1972 cizunzo cinakula. Nyumba zao zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena naphedwa. Anthu ngati 20,000 anathawira ku Zambia, nasonkhanitsidwa pa msasa wa Sinda Misale pafupi ndi malire. Madzi anali osakwanira, ndipo matenda anapha ambiri, makamaka ana. Mu Disembala caka comweco anabwezedwa ku Malawi; ambiri anathawiranso ku Mozambique, kumene anakhala m'misasa zaka zambiri. Ciletso cinacotsedwa mu 1993. Munthu angathe kutsutsana nao pa ciphunzitso, ndipo ncoona kuti caka ca 1975, cimene ambiri a iwo anaciyembekeza, cinapita monga 1914 ndi 1925. Koma cimene cinawaimika zaka 26 sicinali masamu a zaka. Anawerenga za anyamata atatu a m'buku la Danieli amene anakana kugwadira fano, nakhulupirira kuti Mulungu amene anali nao m'ng'anjo ali naonso mumsasa.

Ulendo waciwiri unafika pakhomo peni peni pa Ansenga. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'cigawo ca Tete, anthu zikwizikwi anaoloka malire nalowa m'midzi ya Petauke, Nyimba, Katete ndi Chadiza. Ambiri anali Ansenga ndi Acewa, abale a eni mudzi, osiyanitsidwa ndi mzere wa Azungu cabe. Kuyambira 1987 zigawenga zinayamba kuolokanso malire, kupha ndi kufunkha m'midzi ya Zambia, ndipo anthu a m'malire anagona m'thengo masiku ambiri. M'caka comweco Boma, pamodzi ndi bungwe la United Nations loona za othawa nkhondo ndi la Lutheran World Federation, linatsegula malo a Ukwimi kumpoto kwa boma la Petauke. Kumeneko kunakhala anthu oposa 20,000. Banja liri lonse linapatsidwa munda, khasu ndi mbeu. Anthu amene anaona midzi yao irikupsya, amene akanatha kunena moona kuti dziko lao latha, anagwetsa mitengo, nalima cimanga ndi nshawa, namanga masukulu ndi nyumba zopemphereramo.

Mu 1992 cilala cacikuru cinagwa pa maiko onse a kumwera kwa Afrika, ndipo eni dziko ndi alendo anadya pamodzi nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Koma m'caka comweco ca njala, pa 4 Okutobala, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina mtendere ku Roma, atayanjanitsidwa ndi anthu a mpingo a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi bishopu wa ku Beira. Taonani: mudzi womwe uja umene Yohane anaucha Babulo ndiwo unakhala bwalo la mtendere. Pofika 1994 anthu a ku Ukwimi anali kukwera malole kubwerera kwao. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Minda ndi masukulu anatsalira ana a dziko lino.

TIWERENGE BWANJI?

Abale anga, taona kadamsana wa 1835, nkhondo ya 1914, fuluwenza ya 1918, dzombe ndi kutsekedwa kwa migodi m'zaka za m'ma 1930, misasa ya 1972 ndi ya 1987. Pa nthawi zonsezi panali anthu owerenga buku limodzimodzi m'njira ziwiri.

Ena analiyesa kalendala. Anafuna caka ndi mwezi, ndipo zaka zonse zimene zinachulidwa zinafika ndi kupita. Ena mwa iwo anataya cuma, ena anataya cikhulupiriro, ndipo ku Ulala ena anataya moyo. Ciri codabwitsa kuti anthu acita izi, pakuti pa Mateyu mutu 24, pomwe pachulidwa nkhondo, njala ndi zibvomezi, Yesu mwini anacenjeza kuti tsikulo silidziwika kwa munthu kapena kwa mngelo, nacenjezanso za aneneri onama.

Ena analiyesa pangano. Sanafunse kuti liti. Anagwira mau akuti coipa ciri ndi malire ndi kuti Mulungu sataya anthu ace. Amenewa ndiwo anaika maliro a fuluwenza nabwerera kumunda, ndiwo anasunga mbeu m'cigulu pamene dzombe linali kudya za kumunda, ndiwo anagawira alendo a ku Tete ufa wao wocepa. Okhulupirira anena kuti umo ndimo kukhulupirika kwa Mulungu kumaonekera: sanalonjeze kuti ng'anjo sidzayaka, koma kuti sadzawasiya okha m'menemo. Ndipo kawirikawiri thandizo lace linadzera m'manja a anthu, a mnansi, a dokotala, a mlendo woyanjanitsa adani.

Cifukwa cace, inu a kumigodi ndi a m'matauni, munthu akadza m'komboni mwanu ndi tsiku lace la kutha kwa dziko, nakuuzani kuti musiye nchito, muturutse ana pa sukulu, muleke mankhwala a kucipatala, kapena mumpatse ndalama zanu za penshoni, mfunseni za 1914 ndi 1925. Akaloza nkhalamba ya kwanu kuti ndiyo mfiti yocedwetsa madalitso, kumbukirani Tomo Nyirenda. Amene mukhulupirira kuti Ambuye adzabweranso, khalani maso monga mwalamulidwa. Koma kukhala maso sindiko kupinda manja. Tumizani ndalama ya mbeu ndi fetereza kumudzi mvula isanagwe, pakuti amai anu ku Minga, ku Hofmeyr ndi kwa Nyalugwe alikukonza kale minda, monga anacitira amai ao.